Kaundula wa pa Kompyuta ndi Mawu Akuti "Ngati"

Mwezi wa Disembala umadza ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi kwa anthu okhala kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Pa 1 Disembala nyanja imatsekedwa kwa asodzi a makoka kufikira kumapeto kwa Febuluwale pofuna kuti nsomba ziswane, ndipo m'masabata omwewo magulu ambiri a banki mkhonde amakhala akutseka mabuku kuti agawane ndalama za chaka. Nthawi yomwe ndalama ya matemba, makumba ndi milamba ikuchepa m'matumba ndi yomwenso msungichuma amafuna kuti ngongole zonse zilowe m'bokosi. Pa tsiku logawana mlembi amakhala pamphasa ndi kope, cholembera ndi foni yowerengetsera, mamembala atamuzinga, aliyense akudikira kumva gawo lake. Nambala imodzi ikalumphidwa, kapena 1 akawerengedwa ngati 7, pamabuka mkangano womwe nthawi zina umakathera kubwalo la amfumu.

Ntchito yotere sili pa banki mkhonde pokha. Makomiti a m'madoko pa Kachulu, pa Mchenga ndi pa chilumba cha Chisi amalemba mayina a asodzi ndi zipangizo zawo. Mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi pa sikimu ya mpunga ya Likangala amatolera ndalama za madzi malinga ndi mapuloti. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera amapemphedwa kawirikawiri kutumiza kukhonsolo mayina a mabanja, monga zinalili namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa Malichi 2023. Onsewa amagwira ntchito ya mtundu umodzi: mayina ambiri, manambala ambiri, ndi funso lofanana lofunsidwa pa dzina lililonse. Pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa spreadsheet inapangidwira ntchito yoteroyo.

Anthu ambiri amangoitchula kuti Excel, lomwe ndi dzina la pulogalamu ya kampani ya Microsoft yomwe inatuluka mu 1985. Koma yoyamba kutchuka inali VisiCalc, yomwe Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa ku America mu 1979. Bricklin anali wophunzira zamalonda ndipo ankatopa ndi kufufuta ndi kuwerengeranso tsamba lonse nambala imodzi ikasintha, kutopa komwe mlembi aliyense wa gulu amakudziwa bwino. Lero palinso LibreOffice Calc yomwe ndi yaulere, ndi Google Sheets yomwe imatheka kuikidwa pa foni yamakono. Kagwiridwe kake ntchito nkofanana m'mapulogalamu onsewa, kotero wodziwa imodzi savutika ndi inzake.

Munthu akatsegula pulogalamuyi amaona tsamba lodulidwadulidwa m'timabokosi, longa kaundula wa kusukulu. Mizere yotsika ili ndi zilembo pamwamba pake: A, B, C mpaka kutsogolo. Mizere yopingasa ili ndi manambala kumanzere: 1, 2, 3 mpaka kumunsi. Kabokosi kalikonse kali ndi dzina lochokera pomwe mizere iwiriyi yakumana, choncho kabokosi ka mumzere wotsika C ndi mzere wopingasa 2 kamatchedwa C2. M'kabokosi mutha kulembedwa mawu, nambala, deti kapena fomula. Fomula ndi lamulo lowerengera, ndipo nthawi zonse imayamba ndi chizindikiro cha =. Mlembi akaiwala chizindikirochi, kompyuta imatenga zomwe walembazo ngati mawu wamba ndipo siwerengera chilichonse.

Chitsanzo chomveka ndi cha gulu la banki mkhonde la mamembala 25. Mzere wopingasa woyamba umakhala wa mitu: A ndi Dzina, B ndi Mudzi, C ndi Ngongole, D ndi Chiwongola dzanja, E ndi Zoyenera kubweza, F ndi Zabwezedwa, G ndi Zotsala. Membala aliyense amatenga mzere wake, kuyambira 2 mpaka 26. Ngati mayi wa pa mzere 2 anakongola K50,000 ndipo gulu linagwirizana chiwongola dzanja cha K20 pa K100 iliyonse, mlembi amalemba =C2*20% mu D2, ndipo kabokosiko kamaonetsa 10,000. Mu E2 amalemba =C2+D2, zomwe zimapereka 60,000. Ngati mayiyo wabweza K45,000, nambalayo imalowa mu F2, kenako =E2-F2 mu G2 imaonetsa 15,000. Nyenyezi imaimira kuchulukitsa, ndipo kamzere kopendama kamaimira kugawa.

Phindu lake limaoneka pa zinthu ziwiri. Choyamba, fomula ya pa mzere 2 silembedwanso ka 25. Mlembi amagwira pakona ya kabokosi nkukokera pansi, ndipo pulogalamu imasintha yokha C2 kukhala C3, C4 mpaka C26. Chachiwiri, mayi uja akabwera mawa lake ndi K10,000 ina, mlembi amangosintha F2 kukhala 55,000 ndipo G2 imatsika yokha kufika pa 5,000. Kuphatikiza ngongole zonse zotsala kumafuna mzere umodzi wokha, =SUM(G2:G26), pomwe timadontho tiwirito tikutanthauza "kuyambira apa kufika apo".

Pali chizolowezi chimodzi chomwe ndi bwino kuchiyamba msanga. M'malo molemba 20% m'fomula iliyonse, mlembi wanzeru amaika mlingowo m'kabokosi kakekake, mwachitsanzo M1, nkulemba =C2*$M$1. Chizindikiro cha dola pano sichikukhudzana ndi ndalama za ku America. Chimangouza pulogalamu kuti pokokera fomula pansi, M1 asasunthe. Gulu likadzatsitsa chiwongola dzanja chaka chamawa, kabokosi kamodzi kokha ndi komwe kadzasinthidwe.

Lamulo la "ngati"

Kufika apa, spreadsheet ikungogwira ntchito yowerengetsera mofulumira. Mphamvu yake yeniyeni ili m'mafomula omwe amayamba ayang'ana kaye momwe zinthu zilili asanapereke yankho, ndipo kholo lawo ndi IF, mawu a Chingerezi otanthauza "ngati". Malamulo a magulu amalembedwa kale m'njira imeneyi ngakhale popanda kompyuta: ngati membala wachedwa kumsonkhano alipire chindapusa, ngati sanachedwe asalipire, ngati mlimi sanapereke ndalama za madzi dzina lake lipite kukomiti, ngati wapereka lisapite. Fomula ya IF ili ndi magawo atatu olekanitsidwa ndi makoma: funso, zoti zichitike yankho likakhala inde, ndi zoti zichitike yankho likakhala ayi. Mu H2, pansi pa mutu wakuti Ndemanga, mlembi atha kulemba:

=IF(G2>0,"Watsala","Wamaliza")

Kuwerenga kwake m'Chichewa ndi kwakuti: ngati zotsala zaposa 0, lemba kuti Watsala, ngati ayi, lemba kuti Wamaliza. Dzina la fomula limakhala la Chingerezi, koma mawu a mkati mwa timakutu tiwirito ndi osankha mlembi, ndipo atha kukhala a Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe. Chofunika nchakuti mawu aikidwe mkati mwa timakututo, pomwe manambala salowamo. Makompyuta ena anakonzedwa kuti magawo a fomula azilekanitsidwa ndi chizindikiro cha ; m'malo mwa koma, choncho fomula ikakanidwa pomwe zonse zikuoneka bwino, pamenepo ndi poyamba kuyang'ana.

Yankho la IF litha kukhalanso ndalama. Ngati gulu linagwirizana chindapusa cha K10 pa K100 iliyonse yotsala, fomula yake ndi =IF(G2>0,G2*10%,0). Kwa mayi wotsala ndi K15,000 chindapusa ndi K1,500, ndipo kwa womaliza ndi 0.

Zizindikiro zofananitsira zilipo zochepa koma zimafuna maso. Chizindikiro cha > chimatanthauza kuposa, < ndi kuchepera, >= ndi kuposa kapena kufanana, <= ndi kuchepera kapena kufanana, pomwe <> ndi kusafanana. Kusiyana kwa > ndi >= kumaoneka kochepa papepala, koma kumagwera pa munthu weniweni. Ngati malamulo a gulu akuti wokhala ndi masheya 5 ali ndi ufulu wokongola, koma mlembi nkulemba >5, aliyense wokhala ndi masheya 5 ndendende adzakanidwa, ndipo kompyuta sidzachenjeza chifukwa fomulayo ilibe vuto m'kalembedwe. Mikangano yambiri ya m'makomiti imakhala pa malire oterewa. Njira yodalirika ndi kuyesa fomula yatsopano ndi manambala atatu gulu lisanayambe kuidalira: nambala yochepera pa malire, ya pa malire penipeni, ndi yoposa malire. Pa chitsanzochi ndi 4, 5 ndi 6.

Msampha wina ndi kabokosi kopanda kanthu. Powerengera, pulogalamu imatenga kabokosi kotere ngati 0. Ngati bambo wina anabweza ngongole yonse koma mlembi sanalowetse nambalayo mu F, tebulo lidzalengeza kuti bamboyo watsala ndi ngongole yonse nkumuikiranso chindapusa. Kusabweza ndi kusalembedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo fomula iyenera kuphunzitsidwa kuzisiyanitsa. Izi zimatheka poika IF mkati mwa IF inzake:

=IF(F2="","Onaninso",IF(G2>0,"Watsala","Wamaliza"))

Timakutu tiwiri topanda kanthu pakati timaimira kabokosi kosalembedwa. Fomulayi imayamba yafunsa ngati mu F2 muli kanthu. Mukakhala mulibe imalemba kuti Onaninso nkulekera pomwepo, ndipo mukakhala muli nambala ndi pamene imafunsa funso lachiwiri. Choncho membala yemwe sanabwezedi kalikonse azilembedwa 0, osati kusiya malo ake opanda kanthu. Mabulaketi otsekera akhale ochuluka mofanana ndi otsegulira. IF itha kulowetsedwa mkati mwa inzake kambirimbiri, koma zikadutsa zitatu fomula imayamba kuvuta kuwerenga, ndipo fomula yomwe wapampando ndi msungichuma sangathe kuitsatira ndi yoopsa ngakhale itakhala yolondola.

Malamulo ena amafunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. AND imafuna kuti zonse zikhale zoona, pomwe OR imakhutira ndi chimodzi. Ngati mzere wotsika I uli ndi masheya, ndipo wokongola ayenera kukhala wopanda ngongole komanso wa masheya osachepera 5, fomula yake ndi iyi:

=IF(AND(G2<=0,I2>=5),"Angakongole","Adikire")

Pano palembedwa <=0 osati =0 pa chifukwa: membala yemwe anapereka mopyoza ndi K500 amakhala ndi zotsala za -500, ndipo kungakhale kulakwa kumukaniza ngongole kaamba kobweza zambiri.

OR imathandiza pa nkhani yodziwika bwino kugombe. Gulu lomwe mamembala ake ambiri amadalira nsomba litha kugwirizana kuti m'miyezi yomwe nyanja ndi yotseka pasakhale chindapusa. Ngati J ili ndi deti lomwe ngongole imayenera kubwezedwa, fomula ikhala yotere:

=IF(OR(MONTH(J2)=12,MONTH(J2)<=2),0,IF(G2>0,G2*10%,0))

MONTH imatulutsa nambala ya mwezi, choncho Disembala ndi 12, Januwale ndi 1, Febuluwale ndi 2. Deti likagwera m'miyezi imeneyi chindapusa ndi 0. Likagwera kwina lamulo la masiku onse limagwira ntchito. Panonso kabokosi kopanda deti nkonyenga, chifukwa mapulogalamuwa amakawerenga ngati Januwale kapena Disembala, ndipo wosalembedwa deti amakhululukidwa popanda wina kudziwa.

Chitsanzochi chikusonyeza malire a fomula. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imadalira mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anachepanso kwambiri mpaka mabwato ambiri anatsala pamatope. M'chaka chotero asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba amasowa ndalama kwa miyezi yoposa itatu ija, koma fomula ipitiriza kulemba chindapusa pa 1 Malichi monga inauzidwira. Siidziwa kuti nyanja yaphwa, kuti ukonde wabedwa, kapena kuti pakhomo pagwa maliro. Lamulo limapangidwa ndi mamembala pamsonkhano, lilembedwe m'malamulo a gulu, ndipo pokhapokha ndi pamene lilowe m'kompyuta. Mlembi wosintha fomula payekha wasintha malamulo a gulu payekha, ngakhale atachita zimenezi mwa chifundo. Ndipo mawu akuti "kompyuta ndiyo yanena", omwe amamveka m'maofesi ambiri, sayenera kutseka pakamwa membala yemwe wabwera ndi buku lake losainidwa.

Kuwerenga ndi kuphatikiza mosankha

IF imayang'ana mzere umodzi. Komiti ikafuna chithunzi cha gulu lonse imagwiritsa ntchito abale ake awiri. COUNTIF imawerenga timabokosi tokwaniritsa lamulo: =COUNTIF(H2:H26,"Watsala") imanena kuchuluka kwa mamembala omwe sanamalize. SUMIF imaphatikiza manambala a okwaniritsa lamulo okhaokha: =SUMIF(B2:B26,"Kachulu",G2:G26) imayang'ana mu B mizere ya anthu a pa Kachulu nkuphatikiza zotsala zawo za mu G. Mlembi wa bungwe la alimi a mpunga atha kuchita chimodzimodzi pofuna kudziwa matumba a Kilombero padera ndi a Faya padera, kapena ndalama za madzi zomwe zatoleredwa m'buloko iliyonse. Mlembi wa komiti ya chitukuko yemwe ali ndi mayina a mabanja mazana angapo atha kudziwa m'kanthawi kochepa kuti mudzi uliwonse uli ndi nyumba zingati zogwa, ntchito yomwe pamanja imatenga tsiku.

Koma mafomula awiriwa amawerenga chilembo ndi chilembo, ndipo apa Chichewa chili ndi vuto lakelake. Pakamwa l ndi r sizisiyana kwenikweni, kotero mlembi mmodzi amalemba Kachulu, mnzake Kachuru, wina Chisi, wina Tchisi. Kwa munthu ndi malo amodzi. Kwa SUMIF ndi malo awiri, ndipo mabanja olembedwa m'kalembedwe kachiwiri amasowa pa chiwerengero popanda chenjezo. Ngakhale mpata wosaoneka wotsalira kumapeto kwa dzina utha kuchititsa zomwezo. Pa mndandanda wa thandizo, banja losowa pa chiwerengero ndi banja lomwe thumba lake la chimanga silinaitanitsidwe. Mankhwala ake ndi Data Validation, njira yomwe imalola mlembi kulemba mayina a midzi kamodzi kokha kuti ena onse azingosankha pa mndandanda m'malo motayipa. Kuonjezera apo, ziwerengero za midzi yonse zikaphatikizidwa ziyenera kufanana ndi chiwerengero cha mayina onse. Zikasiyana, pali dzina lomwe lasochera.

Zolakwika zina ndi za masiku onse. Nambala za foni za m'Malawi muno zimayamba ndi 0, ndipo pulogalamu imachotsa 0 ameneyo pokhapokha mzerewo utauzidwa kuti muli mawu osati manambala, kapena mlembi atayamba ndi kachizindikiro ka '. Ndalama zilembedwe 50000 basi. Wolemba K50,000 ndi dzanja lake amasandutsa nambalayo kukhala mawu, ndipo SUM imaidumpha. Deti la 03/04 kuno ndi 3 Epulo, koma kompyuta yokonzedwa mwa Chimereka imaliwerenga kuti 4 Malichi, zomwe zitha kusokoneza fomula ya miyezi yotseka nyanja ija. Posanja mayina motsatira alifabeti, tebulo lonse lisankhidwe pamodzi, chifukwa kusanja mzere wa mayina wokha kumapatsa munthu ngongole ya mnzake. Uthenga wa #NAME? kawirikawiri umatanthauza kuti dzina la fomula lalembedwa molakwika kapena timakutu taiwalidwa, #DIV/0! ndi kugawa ndi 0, pomwe ##### amangosonyeza kuti mzere wachepa m'lifupi.

Zotere sizigwera oyamba kumene okha. M'mwezi wa Okutobala 2020 bungwe la Public Health England linavomereza kuti anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'ziwerengero za boma panthawi yake, chifukwa mafayilo ankasungidwa m'mtundu wakale wa Excel womwe umalekezera pa mizere 65,536. Mizere yopyola pamenepo inkangotayika, ndipo anthu omwe anakhudzana ndi odwalawo anachedwa kufufuzidwa.

Pa chifukwa chimenechi kope silitayidwa. Mabuku a mamembala, malisiti ndi kaundula wosainidwa ndiwo umboni, ndipo tebulo la pa kompyuta ndi lowerengera chabe. M'magulu osamala, mmodzi amawerenga mokweza kuchokera m'kope pomwe wina akuyang'ana pa sikirini, kenako zotsala za mu SUM zimafananitsidwa ndi ndalama zomwe zili m'bokosi. Magetsi ndi osowa m'midzi yambiri ya kugombe ndipo foni imatha kugwera m'madzi, choncho fayilo isungidwe pawiri, ndipo dzina lake likhale ndi deti kuti yatsopano isasokonezeke ndi yakale. Mndandanda wokhala ndi mayina, nambala za zitupa za unzika ndi ngongole za anthu sukuyenera kutumizidwa m'magulu a WhatsApp mwachisawawa. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa motere. Fayilo itha kuikidwa nambala yachinsinsi, ndipo timabokosi tokhala ndi mafomula titha kukhomedwa kuti tisasinthidwe mwangozi.

Woyamba kuphunzira safunika mayina 300. Mizere 5 ya m'kope la chaka chatha, lomwe mayankho ake ndi odziwika kale, ndi yokwanira: alowetse manambala, alembe fomula yochotsera, aike IF imodzi, kenako aone ngati zotuluka zikufanana ndi zomwe gulu linagawana. Zikafanana aonjezere mizere ina. Zikasiyana, adine pa kabokosi komwe kali ndi yankho lokayikitsa, ndipo fomula yake idzaoneka pamwamba pa tsamba, pomwe angathe kuiwerenga gawo ndi gawo mpaka apeze ngati cholakwika chili m'fomulamo kapena chinali m'kope.